Galu Wathu Waluma Mwana wa Mnansi: Kodi Timupereke kwa Ena?

Phunziro la ulendo uno lachokera pa nkhani imene inativuta pa gulu lathu kuno ku Mdeka. Tinakhala pansi pa mtengo kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka mbuzi zitayamba kubwerera kukhola, koma osamvana chimodzi. Nkhani yake ndi ya galu. Tikudziwa kuti ena museka, muti amayi a mpingo asowa chokamba. Dikirani mumve kaye, chifukwa makomo ambiri kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe ali ndi galu, ndipo pakhomo pamene pali galu pamafikanso ana a anthu ena.

Mayi mnzathu wina, wamasiye, amakhala ndi adzukulu atatu. Chuma chake ndi mbuzi. Inu mukudziwa mmene akuba mbuzi amavutira m'dera lathu lino la m'mbali mwa msewu waukulu: mbuzi ikatuluka m'khola usiku, pofika m'mawa ili kale kutali. Mayiyu ali ndi galu wamphongo amene anamutcha Akanene. (Mayina a agalu athuwa nawonso ndi nkhani ina. Timatukwanira anansi kudzera mwa galu, kenako Lamulungu tikupatsana nawo moni wa mtendere.) Kawiri konse galuyu anapirikitsa akuba amene anali atatsegula kale khola. Kwa mayiyu, Akanene ndiye mlonda, ndiye mpanda, ndiye tulo take.

Koma galu yemweyu anayamba kusintha. Poyamba anakhadzula dzanja la mdzukulu amene anayandikira mbale yake akudya. Banja linati mwanayo ndiye wolakwa. Kenako anathamangitsa mnyamata wa kabaza n'kumung'ambira buluku. Anapepesa, nkhani inatha. Kachitatu, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa pakhomo loyandikana nalo anabwera kudzapala moto madzulo, galu n'kumugwira katumba. Mano analowa, magazi anatuluka.

Usiku womwewo mwana wamwamuna wa mayiyu anaimba foni kuchokera ku tauni. Anati: "Amayi, galuyo mumuchotse mawa m'mamawa nkhani isanafike kwa amfumu. Alamu anu a ku Lirangwe aja akufuna galu wolondera pa golosale. Muwapatse basi, musanene zambiri."

Mayiyu sanagone. Ndiye anabweretsa funso lake ku gulu, ndipo linali la mbali ziwiri. Ndimupereke? Nanga ndikamupereka, ndinene zonse?

Tisanakambe za galu, tiyambe ndi mwana

Ichi ndicho choyamba chimene tinalakwitsa ife eni ake. Tinatha nthawi yaitali tikukangana za galu, mpaka mayi wina wachikulire anafunsa kuti, "Nanga mwana wolumidwayo ali kuti pano?" Tonse tinangoti duu. Mwanayo anali kunyumba, bala atalimanga ndi kansalu.

Amayi, galu akaluma munthu, mdani wamkulu si bala looneka ndi maso lija, koma chiwewe. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a galu wodwala, kamalowa pa bala, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanayambe kudwala, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Bala limapola, aliyense n'kuiwala. Koma zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibe mankhwala ochiza. Pafupifupi aliyense amene wafika pamenepa amamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onsewa matendawa amawatenga kwa galu. Mwa anthu khumi alionse, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mwana ndi wamfupi, galu amamupeza kumaso, m'khosi ndi m'manja, kufupi ndi ubongo, komanso mwana amabisa akakalidwa poopa kukalipidwa.

Izi si za kutali. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana asanu anamwalira ndi chiwewe m'miyezi itatu yokha, kuyambira September mpaka November 2011. M'mbuyomo, mu 2007, madokotala a pa chipatala chomwecho analemba kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atapimidwa anapezeka kuti chinali chiwewe. Taganizani, ndi maliro angati m'midzi mwathu amene tinawanenera kuti ndi malungo, ena kuwanenera za ufiti, pamene chiyambi chake chinali kabala ka galu kamene tinakaiwala?

Choncho chochita n'chimodzi, ndipo sichidikira mawa. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenderera kwa mphindi 15. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali, mwana alira, koma musasiye. Sopo wochapira yemweyu akwanira. Musathirepo mchere, tsabola, dothi kapena phulusa la ubweya wa galuyo monga timamvera kuti ena amachitira. Zimenezi sizipha kachilomboka. Kenako pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe katemera. Katemerayu ndi wa majakisoni angapo pa masiku osiyana, ndipo masiku amene achipatala alemba m'buku ayenera kutsatidwa onse. Nthawi zambiri amafunanso kalata yochokera kwa alangizi a ziweto yofotokoza za galuyo. Ngati pa chipatala chaching'ono katemera palibe, musabwerere kunyumba n'kukhala. Funsani kumene angapezeke, ngakhale kutanthauze ulendo wa ku Blantyre. Katemera ameneyu si wachilendo ayi. Louis Pasteur wa ku France anamuyesa koyamba mu 1885 pa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo anakhala ndi moyo mpaka kukula.

Nanga ndalama ya ulendo alipire ndani? Ife tinagwirizana kuti mwini galu. Asadikire bwalo la amfumu kuti limuuze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi mnzathuyu anagulitsa mbuzi imodzi mwa zomwe galuyo ankalondera, ndipo anapita nawo yekha kuchipatala ulendo woyamba.

Masiku khumi

Tsopano tifike pa malangizo a mwana wa ku tauni aja, oti galu achoke m'mamawa. Pamenepa tinaphunzira chinthu chimene ambiri a ife sitinkachidziwa. Galu amene waluma munthu sayenera kuperekedwa, kugulitsidwa, kutayidwa kutchire kapena kuphedwa mwachinsinsi. Ayenera kumangidwa kapena kutsekeredwa pamalo pamene ana ndi ziweto sizifika, kumapatsidwa chakudya ndi madzi, ndi kumuyang'anira kwa masiku khumi. Alangizi a ziweto adziwitsidwe. Kwathu kuno timawapeza kudzera ku ofesi ya zaulimi. Chifukwa chake ndi ichi: galu amene anali ndi kachilombo m'malovu tsiku limene analuma, amadwala kapena kufa masiku khumi asanathe. Akakhala wamoyo ndi wathanzi pakatha masikuwa, ndiye kuti pa tsiku lolumalo sanapatsire chiwewe. Ngati wafa kapena pafunika kumupha chifukwa wapenga, a za ziweto amatenga mutu wake kukaupima. Inu musaugwire ndi manja.

Mukaona bwino, galuyo ndiye mboni yokhayo imene banja la mwana wolumidwa lili nayo. Mukamuzembetsa usiku, mwawalanda yankho. Ndipo ngati analidi ndi chiwewe, mwachinyamula nokha pa njinga kukachitula ku Lirangwe, pakati pa agalu ndi ana a kumeneko. Tichenjezane pano kuti masiku khumiwa ndi oyang'anira galu, osati odikirira mwana. Mwana ayambe katemera pomwepo. Achipatala okha ndiwo anganene ngati angasiyire panjira.

Galu wa chiwewe sakhala wolusa nthawi zonse. Wina amangoluma chilichonse, mitengo ndi miyala yomwe, mawu ake n'kusintha. Koma wina amangofooka, chibwano chili lende, dovu lili chuchuchu, ngati wameza fupa. Pali anthu amene anatenga matendawa chifukwa chopisa dzanja m'kamwa mwa galu kufuna kuchotsa fupa loti kulibe.

Chamukwiyitsa n'chiyani?

Akanene anatha masiku khumi ali bwinobwino, akudya ndi kugwedeza mchira. Apa mpamene funso lenileni linayambira, chifukwa galu wopanda chiwewe amalumabe.

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Galu amene kale anali wofatsa ndiye wayamba kuluma, pali chimene chachitika. Mwina akumva ululu: zilonda za m'makutu zimene ntchentche zimadya, dzino lothyoka, mphere, mwendo umene unagendedwa. Mwina ndi njala, pakuti galu amene amangopatsidwa mikute kamodzi pa tsiku amateteza mbale yake ndi mano. Galu wamkazi woti waswa kumene amaluma aliyense woyandikira ana ake. Wamphongo wosathena amalusa kwambiri nyengo imene agalu aakazi ali pa nthawi yawo. Ndiye pali mantha. Galu amene ana amamugenda popita kusukulu tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti mwana ndi mdani.

Koma tiyeni tinene chilungamo, amayi: agalu ambiri olusa tinawalusitsa ndife. Timamanga galu pa tcheni chachifupi padzuwa la kuno ku Mdeka, lotentha ngati moto mu October, wopanda mthunzi, wopanda madzi, kuti akhale waukali usiku. Timamva za ena amene amasakaniza chamba kapena tsabola m'chakudya cha kagalu kuti kakule kolusa. Timasangalala akathamangitsa mlendo, kumuyamikira kuti ndi galu weniweni. Galu sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mwana wodzapala moto ngati ife tamuphunzitsa kuti aliyense wolowa pabwalo ndi wakuba. Buku la Miyambo 12:10 limatikumbutsa kuti kasamalidwe ka chiweto kamaonetsa mtima wa mwini wake. Mayi mnzathu atafunsidwa modekha, anavomera kuti chichitikireni kuba kwachiwiri kuja, galuyo ankakhala pa tcheni usana wonse, ndipo adzukulu ankamuseweretsa ndi ndodo kuti azikalipa. Mlangizi wa ziweto anapezanso kuti khutu limodzi linali ndi chilonda chachikulu. Mtsikana uja anadutsa kumbali ya khutu lomwelo mumdima.

Zina mwa izi zimakonzeka. Chilonda chimachira, galu amathenedwa, chakudya chimaonjezeredwa, amamangiridwa khola lamthunzi lotakasuka m'malo mwa tcheni, ndipo ana amaphunzitsidwa kuti galu akamadya, akamagona kapena akakhala ndi ana sasokonezedwa. Aphunzitsidwenso kuti galu akawathamangira asathawe kapena kukuwa, aime chilili manja atawapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Koma tisanamizane. Pali agalu ena amene ngakhale muchite zonsezi sasintha, amaluma popanda chenjezo lililonse, ndipo amaluma mozama.

Mwini wake ankadziwa

Pa Eksodo 21:28-29 pali lamulo la ng'ombe yogunda anthu. Muwerenge pa gulu panu. Lamuloli limasiyanitsa zinthu ziwiri. Ng'ombe ikagunda munthu mwadzidzidzi, isanachitepo zotero, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake anauzidwa, iye osaitsekera, mlandu wa magaziwo umagwera iye. Chimene chasintha si ng'ombe, koma kudziwa kwa mwini wake. Malamulo a dziko lathu nawonso amati ndi mlandu kulekerera chiweto chako osachitapo kanthu pamene ukudziwa kuti chingavulaze anthu.

Mayi mnzathu ankadziwa. Dzanja la mdzukulu linali chenjezo loyamba, buluku la wakabaza lachiwiri. Sitikunena izi pomuweruza, pakuti ambiri a ife tikanachita chimodzimodzi. Munthu amene galu wake amamugonetsa tulo safuna kumva zoipa za galuyo. Koma kudziwa kumeneku sikutha galu akasintha khomo. Mukamupereka kwa alamu osanena kanthu, inu mukudziwabe, iwo sakudziwa. Mwana wawo akadzalumidwa kumaso, mudzati chiyani pa chipatala? Mudzati simunkadziwa?

Apa mpamene gulu lathu linagawikana kwambiri. Mayi wina anati: "Komatu alamuwo akufuna galu wolusa. Tikawauza kuti analuma, ndiye asangalala kumene." Zoona, ena amasangalala. Koma kunena kuti "ndi waukali, amalondera bwino" n'kosiyana ndi kunena kuti "waluma anthu atatu, awiri mwa iwo ndi ana, womaliza anakabayitsa majakisoni." Mawu oyambawo ndi otsatsa malonda, achiwiriwo ndiwo oona. Ndipo pa golosale pamafika ana otumidwa mchere ndi machesi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Maganizo athu ndi akuti galu amene walumapo mwana asapite pakhomo pamene pali ana aang'ono kapena pamene pamadutsa anthu ambiri, ngakhale wolandirayo atamufunitsitsa chotani.

Kodi ndiye kuti kupereka galu n'kulakwa nthawi zonse? Ayi. Nthawi zina ndiko kumuchitira chifundo galuyo ndi banja lomwe. Agogo amene mphamvu zatha sangathe kugwira galu wamkulu akalusa. Khomo lopanda mpanda lomwe lili pa njira ya kusukulu kapena ya kumjigo si malo a galu wotere. Ngati pali munthu wamkulu wodziwa agalu, wokhala ndi mpanda wolimba, wopanda ana aang'ono, amene wamva mbiri yonse n'kuvomera, galuyo atatha masiku khumi aja, atabayidwa katemera ndipo khadi lake lili m'manja, mukhoza kumupereka ndi mtima woyera. Muuzeni zimene zimamukwiyitsa ndi zimene amaopa. Mukamuonenso pakapita sabata zingapo. Galu pamalo achilendo amakhala ndi mantha, ndipo masiku oyambawo ndi amene amaluma kwambiri kapena kudula chingwe kubwerera kwawo.

Chimene tikukana ndi mtima wonse ndi kukamutaya. Timaona agalu otayidwa pa misika, pa Lunzu, pa Lirangwe, akudya m'madzala. Galu wotayidwa sapeza katemera, amalumana ndi agalu ena ndi nkhandwe, ndipo ndi amene amadzabweretsa chiwewe m'mudzi. Tikukananso kumupha ndi tameki kapena mankhwala a makoswe. Imfa yake ndi yowawa, ndipo nyama yothira poizoni imadyedwanso ndi nkhuku, amphaka, agalu a eni ake, ngakhale mwana wokwawa akhoza kuitola. Ngati zafika poti galu sangasungike paliponse popanda kuika moyo wa anthu pachiswe, pitani kwa a za ziweto akamugoneke m'njira yosazunza. Si chinthu chopepuka, ndipo mayi amene walira chifukwa cha galu wake tisamuseke. Koma pakati pa galu ndi nkhope ya mwana, ife tasankha mwana.

Za katemera wa agalu tisachite ulesi. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto komanso bungwe la BSPCA, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, ndipo pambuyo pake ntchitoyi inafika m'madera a kumidzi a Blantyre, ku Zomba ndi ku Chiradzulu. M'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe chinatsika kwambiri. Akatswiri amati agalu asanu ndi awiri mwa khumi alionse akabayidwa, matendawa amasowa poyenda. Mukamva kulengeza za katemera pa sukulu kapena pa bwalo, musatume kamwana kokha kukoka galu wolusa pa chingwe cha luzi. Pitani munthu wamkulu. Tsiku la 28 September chaka chilichonse ndi lokumbukira matenda a chiwewe pa dziko lonse. Gulu lanu likhoza kuitana mlangizi wa ziweto kapena wa zaumoyo sabata imeneyo kuti adzalankhule.

Pokambirana pa gulu panu, funsanani izi mosabisa. Ndani mwa ife ali ndi galu amene anachenjezapo kale, ife n'kunena kuti wolakwa ndi mwana? Tikanakhala ife alamu a ku Lirangwe aja, tikanafuna kuuzidwa chiyani? Nanga mayi wamasiye amene tikumuuza kuti achotse mlonda wake, ife monga gulu timuthandiza bwanji kuti mbuzi zake zigone?

Funso lomalizali ndilo linatigwira ife. N'kosavuta kuuza mnzako kuti achotse galu pamene iwe uli ndi bambo m'nyumba ndi chitseko chachitsulo.

Alamu aja anabweradi ndi njinga ndi chingwe. Mayi mnzathu anawakhazika pa mkeka n'kuwafotokozera zonse, kuyambira dzanja la mdzukulu mpaka katumba ka mtsikana. Bamboyo anakhala chete kanthawi, kenako anati ali ndi mapasa amene angoyamba kumene kuyenda, ndipo anabwerera chingwe chili chopinda. Mwana wa ku tauni uja anakwiya, anatha sabata ziwiri osaimba foni. Loweruka lotsatira amayi a gulu tinabweretsa mitengo ndi nsungwi, achinyamata a mpingo anamanga khola la galu lamthunzi moyandikana ndi la mbuzi, ndipo anamangiranso chitseko pa njira yolowera pabwalo. Akanene anathenedwa, anabayidwa katemera, khutu linapola. Amatsegulidwa usiku anthu akagona, m'kati mwa mpanda, ndipo m'mawa amatsekeredwa ana asanadzuke. Mayiyu analonjeza pamaso pa amfumu ndi makolo a mtsikana uja kuti galuyo akadzangoonetsanso mano kwa mwana, adzamutengera yekha kwa a za ziweto.

Mtsikanayo anamaliza majakisoni ake onse ndipo ali bwino. Mayi ake amayankha moni, koma mpaka lero akafuna moto amapita kukapala pa khomo lina.